Mwana wa hatchi akayamba kutsokomola

Ana anga a muno m'Kabwata, pamodzi ndi anzanu a ku Libala, ku Kamwala ndi ku Chilenje, inu amene mumalawirira kukwera minibasi kukagwira ntchito m'makola a mahatchi ku Leopards Hill, ku Makeni, ku Lilayi kapena ku Showgrounds, khalani pansi ndikuuzeni za ntchito yanuyi. Ine ndakalambira m'makola omwewo. Manja angawa agwira ana a mahatchi ambiri: ena anakula n'kumathamanga pabwalo la polo anthu akuwomba m'manja, ena tinawakwirira asanasiye n'kuyamwa komwe. Okwiriridwawo ndiwo andikhazika pansi kuti ndilembe.

Ambiri a ife makolo athu anachokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ndipo ziweto zimene tinakula nazo ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Nzeru za kubusa zimathandiza ndithu, pakuti mwana amene anakula ndi ng'ombe amadziwa kuyandikira nyama mosaidzidzimutsa. Koma nzeru zomwezo zimasokeretsanso. Thole likatsokomola timati tione mawa, ndipo kawirikawiri mawa limadzuka n'kumadumpha. Kwa mwana wa hatchi, mawu akuti "tione mawa" ndiwo amamuperekeza kudzenje.

Mwini hatchi amabwera madzulo ataweruka kuntchito, ena Loweruka lokha. Dokotala wa ziweto amabwera akaitanidwa, ndipo saitanidwa ngati palibe amene waona kanthu. Amene amatsekula khola kukucha, amene amawola ndowe, amene amathira madzi m'ndowa ndi kuponya udzu, ndinu. Choncho kamwanako kakayamba kudwala chifuwa, moyo wake umakhala pa zinthu ziwiri zokha, maso anu ndi pakamwa panu. Maso aone msanga, pakamwa panene zoona. Zina zonse zimene ndikuuzeni pano zikungothandizira ziwirizi.

Hatchi imapuma ndi mphuno zokha. Galu akatopa amayasama n'kutulutsa lilime, ng'ombe ikabanika imatsekula pakamwa, ifenso chimfine chikatitseka mphuno timagona kukamwa kuli yasa. Hatchi sinalengedwe choncho. Mphuno ndi mmero zikatsekeka ilibe njira ina. Kuwonjezera apo ndi nyama ya m'gulu la zothawa, zimene kutchire zimadyedwa zikaoneka zofooka, motero imabisa ululu mpaka pamene yalephereratu. Mwana wake amabadwa ndi khalidwe lomwelo. Mungamuone akuthamanga mozungulira make, mchira uli m'mwamba, pamene mapapo ake ayamba kale kuwola.

Matenda amene amachita zimenezi kwambiri madokotala amawatchula Rhodococcus, ndipo dzinali mulisunge. Ndi chibayo cha ana a mahatchi a mwezi umodzi mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Kachilombo kake anakazindikira koyamba ku Sweden m'chaka cha 1923, ndipo kamapezeka m'mayiko onse kumene kuli mahatchi. Kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, makamaka m'mabwalo amene mahatchi apondaponda kwa zaka zambiri mpaka udzu unatha. Dothi likauma, mphepo n'kuliulutsa, kamwana kamakoka fumbilo n'kulowetsa m'mapapo. M'menemo mumayamba zithupsa, zimakula pang'onopang'ono kwa masabata, kunja osaoneka kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Tsono taganizani za Lusaka wathuyu: mphepo ya mu August imene imatidzaza fumbi m'maso pa Burma Road, kenako dzuwa la September ndi October, nthaka ili gwa, anthu akutentha zinyalala ndi tchire paliponse. Imeneyo ndiyo nyengo imene kachilomboka kamakonda.

Popeza maso okha amanamizidwa, muyenera kuphunzira kuwerenga. Ntchito imeneyi ndiyo ndikufuna ndikhalepo nthawi, chifukwa ndi imene imasiyanitsa wongowola ndowe ndi wosamalira mahatchi weniweni.

M'mawa, musanatsekule chitseko, musanagwedeze ndowa ya chakudya, imani phee pakhomo la khola. Kamwana kakhale kasanathamange, kasanadzidzimuke. Yang'anani pambali pa mimba, kuseri kwa nthiti yomaliza, pamene khungu limakwera ndi kutsika. Kukwera ndi kutsika kumeneko ndi kupuma kumodzi. Tsekulani wotchi ya pafoni, werengani kwa masekondi 30, zimene mwapezazo muchulukitse kawiri. Hatchi yaikulu ikangoima imapuma ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi imodzi. Mwana wa masabata angapo amapuma ka 20 mpaka ka 40. Akapitirira 40 ali chiimire m'mawa kozizira, pali nkhani. Yang'ananinso mphuno. Za mwana wabwino zimangokhala zofewa, osagwedezeka kwenikweni. Za wodwala zimatambasuka pakupuma paliponse, ndipo mimba imakankha ngati ikuthandizira kutulutsa mpweya. Mukatchera khutu nthawi zina mumamva kulira kwa makhololo m'khosi.

Kenako thermometer. Ngati pakhola palibe, pemphani bwana agule. Ya ku pharmacy iliyonse ya m'tauni imagwira. Mnzanu agwire kamwanako, dzanja limodzi pachifuwa, lina kumbuyo, make ali pafupi kuti onse awiri asavutike mtima. Inu muime pambali pa ntchafu, osati kumbuyo kwenikweni, chifukwa mwana wa hatchi ngakhale achepe bwanji amaponya mwendo mwamsanga. Pakani Vaseline kunsonga, kwezani mchira pang'ono, lowetsani bwinobwino mopendeketsa kuti nsonga ikhudze mnofu, osati ilowe pakati pa ndowe, ndipo musataye m'manja mpaka italira. Thupi la mwana wabwino limakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.9. Likafika 39 n'kupitirira, musadikire kuti madamu abwere madzulo. Imbani foni.

Manambala amenewa muziwalemba. Gulani kope la ana asukulu pamsika wa Kabwata, mulembe tsiku, nthawi, kutentha ndi kupuma, m'mawa ndi madzulo. Muziyeza ngakhale kamwana kali bwinobwino, chifukwa nyama iliyonse ili ndi muyeso wake, ndipo simungadziwe kuti lero zasintha ngati simukudziwa za dzulo ndi dzana. Ndaonapo madokotala akusiya zonse n'kuyamba kuwerenga kope la mnyamata wa m'khola asanagwire n'komwe hatchi. Pepala limenelo limawauza zimene makina awo sangawauze, pakuti makina amaona za lero zokha.

Pali chizindikiro china chimene anthu ophunzira amachiphonya koma mwana wa kumudzi amachigwira msanga: bere la make. Kamwana kathanzi kamayamwa pafupipafupi, kangapo pa ola limodzi, ndiye bere limakhala lofewa nthawi zonse. Mukapeza bere lili tayale, mkaka ukudontha m'miyendo ya make, dziwani kuti mwana sakuyamwa mokwanira. Nthawi zina mumamuona atalowetsa mutu pansi pa mimba ngati akuyamwa, koma akatulutsa nkhope yonse ili ndi mkaka. Ameneyo wangoima pamenepo, mkaka ukumugwera, mphamvu yokoka alibe, chifukwa kuyamwa ndi kupuma zikulimbirana. Onaninso mamina, ngati ali amadzimadzi kapena asanduka achikasu ngati mafinya. Kwezani mlomo muone nkhama: zikhale zofiirira bwino ndi zonyowa, osati zotuwa, zouma kapena zakuda. Papasani mawondo ndi mfundo za miyendo, chifukwa Rhodococcus nthawi zina imatupitsa mfundo ndi kutsekula m'mimba.

Tsopano za pakamwa. Pa khola lina kumene ndinagwirako ntchito panali mnyamata wakhama, wongoyamba kumene, ndipo anamupatsa kusamalira kamwana kofiira ka miyezi itatu. Unali mwezi wa October. Kamwanako kanayamba kutsokomola apo ndi apo, mamina akutuluka pang'ono. Mnyamatayo anaona bwinobwino. Koma anali ndi mantha. Ankaganiza kuti akanena amuuza kuti ndiye wakadwalitsa, ntchito n'kutha, chonsecho kunyumba lendi ikumudikira. Ndiye madzulo alionse bwana asanafike ankatenga kansanza n'kupukuta mphuno, kamwana n'kuoneka koyera. Zinayenda choncho mpaka tsiku lina m'mawa tinakapeza kataima miyendo yakutsogolo itatangadza, khosi litatambasuka, kakupuma wefuwefu, maso ali tong'o. Dokotala anabwera mothamanga, anabaya zimene akanatha, koma dzuwa lisanalowe kanagwa. Atakang'amba anatiitana tonse kuti tione. Mapapo, amene amayenera kukhala ofewa ndi opepuka, anali olemera, odzaza zithupsa, ndipo akadula chimodzi munkatuluka mafinya okhuthala. Dokotalayo anatiuza kuti zithupsa zotere sizikula tsiku limodzi. Mnyamata uja anakhala pansi n'kulira, ndipo ife tinalira naye, chifukwa sanali woipa mtima. Anali ndi mantha chabe.

Mantha amenewo ndimawadziwa, ndipo sindikuwapeputsa. Ntchito mu Lusaka ndi yosowa, komanso alipo mabwana ena amene amayamba kukalipa asanamve nkhani. Koma mverani: chifuwa cha mwana wa hatchi si mlandu wanu. Kachilombo kali m'dothi, simunakabweretse ndinu. Mlandu umayamba pamene mwaona n'kukhala chete. Ndipo pali kanenedwe kamene kamathetsa ukali. Musanene kuti, "Madamu, kamwana kaja sikakuoneka bwino," chifukwa pamenepo adzakuyankhani kuti adzaona akabwera. Nenani kuti, "Madamu, kamwana ka m'khola lachitatu kali pa 39.6, kakupuma ka 52, bere la make ladzaza, ndipo dzulo kanali pa 38.4. Ndikupempha muitane adokotala lero." Munthu akamva manambala amadziwa kuti akulankhula ndi wodziwa ntchito. Ngati foni yanu imajambula, jambulani mmene mimba ikukankhira, mutumize pa WhatsApp. Kwa inunso eni mahatchi amene mungawerenge izi, wantchito amene wakuuzani nkhani yoipa m'mawa mumuthokoze, chifukwa mukamukalipira ulendo wina adzatenga kansanza.

Madokotala alipo. Sukulu ya madokotala a ziweto ya ku UNZA pa Great East Road, imene imatchedwa dzina la Samora Machel, yakhala ikuphunzitsa ana athu kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo ili ndi chipatala chake cha ziweto. Ku Balmoral kuli malo a boma oyezera matenda a ziweto. Palinso madokotala oima paokha amene amayendera makola. Dokotala akabwera amamvetsera chifuwa, amatenga magazi, ena amabwera ndi makina ounikira amene amaonetsa zithupsa kudutsa pakati pa nthiti, ndipo nthawi zina amatenga makhololo a mummero kukayeza kuti adziwe kachilombo kenikeni. Inu muime pafupi, mugwire kamwana, mufunse. Ambiri amakondwa kuphunzitsa munthu wofunsa.

Chimene ndikukuletsani ndi mtima wanga wonse ndi kudzisandutsa dokotala. Kumudzi tinazolowera kugula botolo la jakisoni wa ng'ombe n'kubaya tokha, chifukwa alangizi ali kutali. Hatchi musaiyese. Mimba yake ndi yosachedwa kusokonezeka, ndipo mankhwala ena amene amachiza ng'ombe amaitsekula m'mimba mpaka kufa. Dibi wa nkhupakupa wokhala ndi amitraz, amene timasambitsira ng'ombe, kwa hatchi ndi poizoni, amaumitsa matumbo. Chakudya cha nkhuku za broiler ndi cha ng'ombe zonenepetsa nthawi zina chimakhala ndi monensin, amene pang'ono pokha amawononga mtima wa hatchi, choncho matumba ndi ndowa zisasakanikirane. Ndipo musadzayerekeze kukweza mutu wa kamwana n'kukathira mankhwala a zitsamba kapena mkaka ndi botolo mokakamiza monga timachitira ndi mbuzi. Nyama imene ikubanika simeza bwino. Madziwo amalowera kumapapo, ndipo mumawonjezera chibayo china pamwamba pa choyamba.

Dokotala akapeza kuti ndi Rhodococcus, kawirikawiri amapereka mankhwala awiri akumwa: rifampicin pamodzi ndi azithromycin kapena clarithromycin. Awiriwa ndiwo amatha kulowa mkati mwa zithupsa. Amamwedwa kwa masabata angapo, nthawi zina kupitirira mwezi, ndipo womwetsa ndinu. Apa pali zinthu zimene muyenera kudziwa kuti musadzidzimuke kapena kulakwitsa. Rifampicin amafiiritsa mkodzo, zimenezo si magazi. Mnzakeyo amalepheretsa kamwana kutuluka thukuta, ndipo hatchi imaziziritsa thupi ndi thukuta. Mukakasiya padzuwa la October kali pa mankhwala amenewa, kamatentha mpaka kugwa, ngakhale chifuwa chikuchira. Masana kazikhala pamthunzi podutsa mphepo, kazituluka m'mawa kwambiri dzuwa lisanawawe, ndipo mukaona kakupuma mofulumira thupi lili moto, kathireni madzi ozizira n'kuimba foni. Mukatha kumwetsa pukutani milomo yake, tsukani sirinji kutali ndi ndowa ya make, chifukwa make akanyambita mankhwalawo angatsekule m'mimba koopsa. Kamwana kakayamba kutsekula m'mimba, musapitirize mwakachetechete ndipo musasiye mwakachetechete. Nenani.

Dzina la rifampicin ena mwa inu mwalimvapo, chifukwa ndi mmodzi mwa mankhwala amene abale athu odwala TB amalandira kukiliniki. Zimene anamwino amawauza ndi zomwezo kwa kamwana: osadumphitsa tsiku, osasiyira panjira chifukwa choti chifuwa chaleka. Kachilombo kakalawa mankhwala osafa kamalimba. Ku Kentucky ku America, kumene kuli mafamu aakulu a mahatchi othamanga, anayamba kumwetsa mwana aliyense wopezeka ndi kathupsa ngakhale kakang'ono, ndipo patapita zaka anapeza tizilombo tosamva mankhwala. Lero madokotala amadziwa kuti tizithupsa tating'ono tambiri timapola tokha, ndiye dokotala akanena kuti uyu tingomuyang'anira, musaganize kuti ndi ulesi. Akudalira kope lanu lija. Ndipo mapiritsi a TB a m'bale wanu musadzawatenge kukapatsa nyama, ngakhale wina akulonjezeni ndalama. Amenewo ndi moyo wa munthu.

Ndinenenso za thupi lanu, pakuti ndinu ana athu. Kachilombo ka Rhodococcus sikavutitsa munthu wa chitetezo chokwanira, koma kamatha kudwalitsa mapapo a munthu amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala. Sindikunena kuti musiye ntchito. Ndikunena kuti mudziwe mmene mulili, mumwe mankhwala anu mokhulupirika, muphimbe mphuno posesa fumbi la m'khola, musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima. Mukadwala chifuwa chosatha, uzani a kuchipatala kuti mumagwira ntchito ya mahatchi.

Mankhwala ndi theka la machiritso, theka linalo ndi khola. Lowani m'khola m'mawa, mugwade pansi, muike nkhope yanu pamene kamwana kamaika mphuno kakagona. Ngati fungo la mkodzo likukulasani m'maso, dziwani kuti kamwanako kakoka mpweya umenewo usiku wonse. Inu mukaimirira simuumva, chifukwa umachokera pa zogonera zonyowa, pansi pomwe iko kamagona. Chotsani zonyowa zonse tsiku lililonse, pansi paume, kenako yalani zatsopano. Utuchi wosalala wa kumakina ocheka matabwa uli ndi fumbi lambiri, bola udzu wouma bwino wopanda nkhungu kapena zopala za matabwa zikuluzikulu. Posesa tulutsani kaye mwana ndi make, wazani madzi, ndipo muwabwezere fumbi litakhazikika. Udzu wodya muuviike m'madzi kwa kanthawi musanaupereke, ndipo muuike pansi, osati m'mwamba, kuti akamadya mutu uli pansi makhololo azitsika okha. Pabwalo pamene dothi lasanduka ufa muzithira madzi, ndowe muzitola tsiku ndi tsiku n'kukataya kutali. Zinyalala musatenthe kumene mphepo ikuwombera kumakola.

Mu June ndi July, kuzizira kwa Lusaka kukafika m'mafupa, mtima wachifundo umatiuza kuti titseke mazenera onse ndi masaka kuti kamwana kafunde. Chifundo chimenecho chimapha. Mapapo odwala amafuna mpweya watsopano kuposa kufunda. Tsekani mbali yokhayo imene mphepo ikulasa, kumtunda kukhale kotsekula, ndipo ngati kakunjenjemera kafunditseni bulangeti pathupi. Mbaula m'khola ayi.

Sikuti chifuwa chilichonse ndi Rhodococcus. Njoka zam'mimba za ana a mahatchi, zikadali zing'onozing'ono, zimadutsa m'mapapo n'kuyambitsa kutsokomola, n'chifukwa chake mankhwala a njoka amayambika pa miyezi iwiri kapena itatu monga dokotala angalangizire. Abulu amasunga nyongolotsi za m'mapapo osaonetsa kudwala, n'kupatsira mahatchi odya nawo pamodzi. Ndipo ana ambiri amene amadwaladwala vuto lawo linayamba tsiku lobadwa. Mwana wa hatchi amabadwa wopanda chitetezo, amachipeza mu mkaka woyamba wachikasu uja, ndipo matumbo ake amaulandira bwino m'maola 12 oyambirira. Likatha tsiku njira yatsekeka. Aimirire pa ola loyamba, ayamwe pa ola lachiwiri. Ngati ndinu muli pa ntchito usiku umenewo, musagone mpaka mutamuona akumeza ndi maso anu.

Pali matenda ena awiri amene amayenda ndi anthu. Oyamba ndi strangles, amene amatupitsa anabere pansi pa nsagwada mpaka kuphulika mafinya, hatchi n'kumalephera kumeza. Achiwiri ndi chimfine cha mahatchi, chimene chimafalikira khola lonse m'masiku ochepa. Ku South Africa chinaimitsa mipikisano mu 1986 ndi mu 2003, ku Australia mu 2007. Kwathu kuno mahatchi amakumanakumana: pa chionetsero cha zaulimi cha ku Showgrounds chimene chimatha pa Farmers' Day, pa polo, pa polocrosse, masewera amene timu ya Zambia inafika nawo pa nambala yachiwiri pa dziko lonse mu 2015. Kukumana kumeneko n'kosangalatsa, koma ndowa imodzi yomwera mahatchi a makola asanu imabweretsa maliro. Pitani ndi ndowa zanu. Hatchi yobwera kuchokera kwina, kapena yogulidwa kumene, ikhale payokha masabata atatu, kutali ndi ana, mukuiyeza tsiku ndi tsiku. Ina imachira strangles koma n'kumasungabe kachilombo mkati mwa mutu kwa miyezi, ikuoneka yonenepa bwino. Inunso mumanyamula. Lamulungu mukapita kukacheza kwa mnzanu wa khola lina n'kusisita mphuno ya hatchi yake, ovolosi ndi jombo zimenezo musalowe nazo kwa kamwana. Pakhola pakakhala wodwala, yambani ntchito ndi athanzi, wodwalayo mumalizire, ndipo akhale ndi ndowa yake, chingwe chake ndi burashi yake.

Mvula ikayamba kumabwera mdani wamkulu, African horse sickness. Ameneyu ndiye anachititsa kuti makolo athu asadziwe hatchi, pamodzi ndi kashembe. David Livingstone poyenda m'dziko lino ankakwera ng'ombe. Ku Cape, mu 1854 ndi 1855, matendawa anapha mahatchi pafupifupi 70,000. Sapatsirana pokhudzana. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'matope ndi m'malo onyowa n'kumaluma dzuwa likamalowa, usiku ndi mbandakucha. Mbidzi zimatha kukhala ndi kachilomboka osadwala. Mtundu wa matendawa wa m'mapapo ndi woopsa kuposa zonse zimene ndatchula: thupi limatentha mpaka 40 kapena 41, hatchi imatuluka thukuta, imatsokomola mobanika, kenako thovu limatuluka m'mphuno, ndipo ikafika pamenepo imafa m'maola ochepa. Pa mahatchi khumi ogwidwa ndi mtundu umenewu, kupulumuka imodzi ndi mwayi. Mtundu wina umatupitsa timaenje ta pamwamba pa maso, mutu ndi khosi. Mankhwala ochiza palibe.

Chimene chilipo ndi katemera wochokera ku Onderstepoort ku South Africa. Kachilomboka kali ndi mitundu 9, n'chifukwa chake katemera amabwera m'mabotolo awiri obayidwa motalikirana masabata atatu, m'chilimwe mvula isanagwe. Mwana wobadwa kwa make wobayidwa amatetezedwa ndi mkaka woyamba uja kwa miyezi ingapo, kenako chitetezocho chimatha, ndipo katemera wake amayamba cha pa miyezi isanu ndi umodzi. Pakati pamenepo pali mpata woopsa, makamaka ukagwera m'dzinja. Kumbutsani bwana za tsiku la katemera, musaope kuoneka wovuta. Kuyambira mvula yoyamba mpaka kuzizira kutabwera, mahatchi alowe m'khola dzuwa lisanalowe ndipo atuluke mame atauma. Pakani mankhwala othamangitsa tizilombo madzulo. Pompi yodontha pafupi ndi khola mukonze, chifukwa matope ake ndi chisa. Ndikudziwa kuti zimenezi zimakuchedwetsani kukwera basi yobwerera ku Kabwata, ndipo mumafika kunyumba ana atagona. Gwirizanani ndi anzanu muzisinthana, koma kamwana kasagone panja. Mukakayikira matendawa, dokotala adziwe nthawi yomweyo, iyenso adziwitse a boma oona za ziweto, chifukwa makola oyandikana nawo ayenera kuchenjezedwa.

Kamwana kakayamba kuchira mudzaona kutentha kukutsika, bere la make likufewanso, iko kakuyamba kukuluma malaya mukamawola ndowe. Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Mapapo amachira mochedwa kuposa nkhope. Ife tinaphunzitsidwa kuti pa tsiku lililonse limene hatchi inatentha thupi, ipume sabata yathunthu. Musakatulutsire kubwalo lalikulu kumene anzake akakathamangitse. Yambani ndi kabwalo kakang'ono kokhala ndi udzu ndi mthunzi, iko ndi make basi, theka la ola m'mawa. Kakabwerera m'khola dikirani mphindi khumi, muwerenge kupuma. Ngati kwabwerera pa muyeso wake wa masiku onse, mawa muwonjezere nthawi pang'ono. Ngati kakukankhabe ndi mimba, bwererani pa za dzulo, mulembe m'kope, ndipo dokotala akabwera kudzaunikanso chifuwa mumuonetse tsamba limenelo asanalamule kuti mankhwala asiyidwe.